Ziganizo Zowolotsa ndi Kumva kwa Omvera: Kuunika Malankhulidwe a Pagulu ku Petauke ndi ku Nyimba

1.0 MAWU OYAMBA

Munthu wowerenga ali ndi mwayi umene munthu womvera alibe. Wowerenga akasokonezeka amabwerera m'mbuyo, nayang'ananso mutu wa nkhani, naona pamene ndime ina yathera ndi pamene inzake yayambira. Womvera amene wakhala pa msonkhano wa alimi, m'tchalitchi kapena pa sikelo ya ana sangabweze mawu amene apita kale. Ntchito yonse imene mitu, manambala ndi mipata ya papepala imagwirira wowerenga, kwa womvera iyenera kugwiridwa ndi pakamwa pa wolankhulayo. M'nkhani ino tikuunika chida chimodzi chogwirira ntchito imeneyi, chomwe tikuchitcha chiganizo chowolotsa, ndiye kuti chiganizo chimene chimachotsa womvera pa mfundo imene yatha ndi kumufikitsa pa mfundo yotsatira.

Tasankha maboma a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, chifukwa kumeneko vutoli limaoneka poyera. Anthu ambiri a kumeneko amalankhula Chinsenga kunyumba, pomwe nkhani zambiri za pagulu zimawafika m'Chinyanja, ndipo kawirikawiri Chinyanjacho chimakhala chitachokera pa pepala lolembedwa m'Chingerezi. Mfundo yathu ndi yakuti kalankhulidwe kongotchula mitu, kaja ka "choyamba, chachiwiri, chachitatu", kamene ambirife tinakaphunzira kusukulu, kamauza womvera chiwerengero cha mfundo koma kamabisa ubale wa mfundozo. Ndiponso kuti zida zochizira vutoli zilimo kale m'chilankhulo ndi m'malankhulidwe a anthu eni ake. Zitsanzo za malankhulidwe zimene zili m'munsimu tazikonza tokha pofuna kuonetsa kamangidwe ka nkhani, sitinazitenge pakamwa pa munthu wina aliyense.

2.0 KODI CHIGANIZO CHOWOLOTSA N'CHIYANI?

Aphunzitsi onse a chilankhulo amadziwa mlumikizi. Mawu onga "ndi", "koma", "chifukwa" ndi "ngakhale" amalumikiza mawu kapena nthambi za chiganizo, ndipo mabuku a galamala amawafotokoza mokwanira. Chiganizo chowolotsa chimagwira ntchito pa msinkhu wina. Icho chimalumikiza zigawo zathunthu za nkhani, ndipo chikakhala chokwanira chimachita zinthu zitatu. Chimatseka chigawo chimene chatha pochitchula mwachidule. Chimatchula chigawo chimene chikubwera. Ndipo chimanena ubale wa ziwirizo, kaya ndi wa nthawi, wa chifukwa ndi zotsatira zake, wa kutsutsana, kapena wa lamulo ndi chitsanzo chake. Taonani chiganizo ichi: "Taona mmene matendawa amalowera m'thupi, popeza khomo lake talidziwa, tiyeni tione mmene tingalitsekere." Mbali yoyamba yatseka, mbali yomaliza yatsekula, ndipo nthambi ya pakati ija yoyamba ndi "popeza" yauza womvera chifukwa chimene chigawo chachiwiri chikutsatira choyamba.

Ganizoli si lachilendo. Buku la Chilatini lophunzitsa luso la kulankhula, lotchedwa Rhetorica ad Herennium, limene linalembedwa m'zaka za m'ma 80 Khristu asanabadwe, limatchula luso lotchedwa transitio, ndipo limalifotokoza monga kukumbutsa mwachidule zimene zanenedwa ndi kulozera zimene zikubwera. Halliday ndi Hasan, m'buku lawo la 1976 lotchedwa Cohesion in English, anagawa maubale a ziganizo m'mitundu inayi: kuwonjezera, kutsutsa, chifukwa ndi nthawi. Deborah Schiffrin mu 1987 anasanthula timawu ting'onoting'ono timene olankhula Chingerezi amaika m'malire a zonena zawo. Mwa ntchito zitatu zimene tatchula zija, yachitatu, yonena ubale, ndi imene imatayika msanga wolankhula akamatsata pepala, chifukwa papepala ubalewo suoneka: pamangokhala mutu pansi pa mutu unzake.

3.0 ZILANKHULO ZA WOLANKHULA NDI ZA WOMVERA

Kuti timvetse chifukwa chimene kutayika kumeneku kumapwetekera kwambiri ku Petauke ndi ku Nyimba, tiyenera kuona kaye mmene zilankhulo zakhalira kumeneko. Maboma awiriwa ali m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road, wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo Nyimba kale inali mbali ya boma la Petauke. Ndi dziko la Ansenga, la mafumu onga Kalindawalo ndi Mumbi ku Petauke, ndi Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape ku Nyimba. Chinsenga chinalembedwapo kale: A. C. Madan anatulutsa Senga Handbook mu 1905, A. S. B. Ranger anatulutsa Chinsenga Handbook mu 1928, ndipo Lazarus Miti anatulutsa kusanthula kwake kwa chilankhulochi mu 2001. Komabe chilankhulo cha sukulu ndi cha guwa kwa anthu ambiri chinakhala Chinyanja. Amishoni a Dutch Reformed, amene anatsekula Nyanje mu 1905, Hofmeyr mu 1914 ndipo pambuyo pake Merwe, ankaphunzitsa ndi kulalikira m'Chinyanja, ndipo Buku Lopatulika la 1922 linakhazikitsa Chinyanja cha m'buku m'makutu mwa mibadwo ingapo. Pamene Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo mu 1977, Chinsenga sichinali m'gululo. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo pamene boma mu 2014 linayamba kuphunzitsa magiredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'zigawo, ana a ku Petauke ndi ku Nyimba anapatsidwa Chinyanja.

Chinsenga ndi Chinyanja n'zapachibale, ndipo ubale umenewu umanyenga wolankhula. Poona kuti anthu akugwedeza mitu, iye amayesa kuti zonse zalowa. Koma kusiyana kulipo, ndipo kuli pa mawu a tsiku ndi tsiku: Mnsenga amati manzi, ng'anda, kulya, pamene buku limati madzi, nyumba, kudya. Ngakhale kukana kumamangidwa mosiyana. Chinyanja chimaika chizindikiro chokanira kumayambiriro kwa mneni, monga mu "sindifuna", pomwe Chinsenga chimatha kuika liwu lakuti lini pambuyo pa mneni, monga mu "nifuna lini". Gogo wa ku Nyalugwe amamva Chinyanja, koma amachimva akugwira ntchito pang'ono yosinthira m'mutu mwake, ndipo mphamvu imene ikupita ku ntchito imeneyo ikuchotsedwa pa ntchito ina, ya kulondola kumene nkhani ikulowera.

Pali chinthu chinanso chimene chikukhudza mutu wathu mwachindunji. Liwu limene olankhula ambiri amadalira posintha mfundo ndi lonena za nthawi ino, ndipo m'derali liwuli lili ndi nkhope zitatu: tsopano kapena tsono wa m'buku ndi pa guwa, lomba wa Chinsenga, ndi manje wa Chinyanja cha m'tauni chimene achinyamata ndi ogwira ntchito ochokera ku Lusaka amabwera nacho. Lililonse mwa mawu amenewa limasenza katundu wambiri. Limatha kutanthauza nthawi yeniyeni, limatha kutanthauza "chifukwa cha ichi", limatha kulengeza mutu watsopano, ndiponso limatha kungodzaza mpata wolankhula akamafuna mawu. Liwu la ntchito zinayi silingakhale chizindikiro chodalirika cha malire a nkhani, makamaka kwa womvera amene kwawo amagwiritsa ntchito lina.

4.0 ZIMENE KAFUKUFUKU WA KWINA ANAPEZA

Funso lakuti kodi zizindikiro zotere zimathandizadi womvera linayesedwa ndi akatswiri ophunzitsa Chingerezi kwa alendo. Craig Chaudron ndi Jack Richards mu 1986 anakonza phunziro limodzi la mbiri ya dziko la America m'mitundu inayi: wina wopanda zizindikiro zowonjezera, wina wa timawu ting'onoting'ono tokha, wina wa ziganizo zazikulu zolozera kamangidwe ka phunzirolo, ndi wina wophatikiza zonse ziwiri. Iwo anapeza kuti ophunzira amene anamva mtundu wa ziganizo zazikulu anakumbukira bwino kuposa amene anamva wa timawu ting'onoting'ono. Patricia Dunkel ndi James Davis mu 1994 sanapeze kusiyana koonekeratu pakati pa amene anamva zizindikiro ndi amene sanazimve. John Flowerdew ndi Steve Tauroza mu 1995 anadzudzula njira yotenga nkhani yolembedwa ndi kusokerapo zizindikiro. Iwo anatenga phunziro lenileni lojambulidwa, nachotsamo zizindikiro zimene mphunzitsi ananena mwachibadwa, ndipo anapeza kuti ophunzira a ku Hong Kong amene anamva phunziro lochotsedwa zizindikirolo sanalimve bwino ngati anzawo.

Tikaika zotsatirazi pamodzi, tikuona zinthu ziwiri. Chiganizo chathunthu cholozera njira chimathandiza kuposa kaliwu kamodzi. Ndipo chizindikiro chimagwira ntchito chikamera kuchokera m'nkhani momwemo, pamene chongomatidwa pamwamba chimatha kukhala chopanda phindu. Komabe tiyenera kusamala potengera zotsatirazi ku Petauke. Ophunzira a m'kafukufukuyu anali anthu a sukulu zapamwamba, ozolowera kamangidwe ka phunziro la m'kalasi. Mlimi wa ku Mumbi amene wakhala pansi pa mtengo alibe kope, alibe bolodi loti ayang'anepo, ndipo mwina sadzamvanso nkhaniyo mpaka chaka chamawa. Ngati chiganizo chowolotsa chinathandiza wophunzira amene ali ndi zomuchirikiza zina, kwa mlimiyu ndicho chokha chimene chatsala chomuuza pamene nkhani yafika.

5.0 KUUNIKA ZITSANZO ZIWIRI

5.1 Msonkhano wa alimi

Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene wanyamula pepala la mitu inayi, ndipo akulankhula motere: "Choyamba, konzani munda msanga. Chachiwiri, bzalani mvula ikagwa yokwanira. Chachitatu, palirani udzu usanakule. Chachinayi, feteleza. Pali wa D Compound, palinso wa Urea. Thirani pa mlingo woyenera ndipo mukwirire."

Palibe chiganizo chabodza m'mawu amenewa, ndipo woyesa mayeso angawapatse malikisi abwino chifukwa cha dongosolo lake. Cholakwika chili pakati pa mfundo yachitatu ndi yachinayi. Mfundo zitatu zoyambazo zatsatana monga mmene ntchito zimatsatirana m'munda, motero womvera waphunzira kuti manambalawo akuimira nthawi. Akamva "chachinayi", amaganiza kuti feteleza yense amabwera kupalira kutatha. Koma D Compound, amene ali ndi fosifolasi wambiri wothandiza mizu, amayenera kulowa m'nthaka pobzala kapena chimanga chitangomera, pomwe Urea, amene ndi wa nayitirojeni, amathiridwa chimanga chikafika cha m'mawondo. Papepala mutu wachinayi unali gulu la zinthu. M'khutu wasanduka tsiku la pa kalendala. Mlimi amene wachedwetsa feteleza wokulitsa ndi masabata angapo wataya mbali ya phindu la thumba limene analipeza movutikira.

Tsopano timve mlangizi yemweyo atawolotsa omvera ake: "Tanena za kupalira, ndipo munda wathu tausiya uli woyera. Koma tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku tsiku lobzala lija, chifukwa pali feteleza amene ayenera kulowa m'nthaka khasu lopalira lisanafike. Ameneyu ndi D Compound. Mukathira ameneyo, thumba linalo mulisunge. Chimanga chikafika m'mawondo, pamenepo ndiye mumasule Urea." Mfundo sizinachuluke. Chimene chawonjezeka ndi chenjezo lakuti dongosolo la kunena lasiyana ndi dongosolo la kuchita, ndipo chenjezolo lanyamulidwa ndi mneni "tibwerere" pamodzi ndi nthambi zodalira zitatu: "lisanafike", "mukathira" ndi "chikafika".

5.2 Phunziro la pa sikelo

Chitsanzo chachiwiri n'cha phunziro la zaumoyo limene amayi amapatsidwa asanayambe kuyeza ana. Mu 2002 dziko la Zambia linasankha mankhwala a artemether-lumefantrine, odziwika ndi dzina lakuti Coartem, kukhala oyamba pochiza malungo. Mankhwalawa amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku 3, ndipo wodwala ayenera kuwamaliza ngakhale atapeza bwino msanga. Tiyerekeze wophunzitsa akunena kuti: "Mwana akamwa mankhwalawa, kawirikawiri tsiku lachiwiri thupi limazizira, amayamba kudya ndi kusewera. Tsono, za maneti. Neti muzigonamo usiku uliwonse."

Pano kaliwu kakuti "tsono" kachita zoipa kuposa kukhala chete. Kabwera pamene mwana wa m'nkhaniyo wachira, ndipo katseka nkhani ya mankhwala pamalo amenewo. Womvera wozolowera nthano amadziwa kuti pamene nkhani yathera ndi pamene pali phunziro lake. Ndiye phunziro limene watenga n'lakuti kusewera kwa mwana ndiko mapeto a mankhwala. Wophunzitsa angakhale ananena kumayambiriro kuti mankhwala amwedwe masiku atatu, koma malire a chigawo awaika pa tsiku lachiwiri. Kuwolotsa koyenera kukanakhala kotere: "Tisanapite ku nkhani ya maneti, timange kaye ya mankhwala. Ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri, tizilombo sitinathe m'magazi. Amayi, amwe masiku angati? Atatu. Mwana wachira tsopano. Tiyeni tione chimene tingachite kuti udzudzu usamubwezere kuchipatala kuno." Apa chigawo chatsekedwa pa mfundo imene ikufunika kukumbukiridwa, omvera aitchula ndi pakamwa pawo, ndipo nkhani ya neti yalowa monga yankho la funso limene nkhani ya mankhwala yadzutsa.

6.0 ZIDA ZIMENE ZILIPO KALE

Wina angaganize kuti luso limeneli liyenera kubwerekedwa ku mabuku a Chingerezi ophunzitsa kulankhula pagulu. Ganizo lotere limadalira chikhulupiriro chakuti malankhulidwe a anthu osadalira zolemba amangounjika mfundo. Walter Ong, m'buku lake la 1982 lotchedwa Orality and Literacy, ananena kuti kaganizidwe ka m'chikhalidwe cha pakamwa n'kowonjezera osati kogonjetsa nthambi ina pansi pa inzake, ndipo anapereka chitsanzo cha mlumikizi wobwerezabwereza wa m'mutu woyamba wa Genesis. Ruth Finnegan anatsutsa kale malire okhwima otere pakati pa zapakamwa ndi zolembedwa, ndipo umboni wa Chinyanja uli kumbali yake. Titchule zida zinayi.

Chida choyamba chili m'mneni mwenimwenimo. Wosimba nthano akati, "Kalulu anathamanga mpaka anafika pa mtsinje. Atafika pa mtsinje paja, anapeza madzi atadzaza", wabwereza mchira wa chiganizo choyamba kukhala mutu wa chachiwiri, ndipo wachita zimenezi ndi nthambi yodalira. Mphatikiri -ta- amanena chimene chatha, -ka- amanena chimene chiyenera kuyamba chachitika, -sana- amanena chimene sichinafike, ndipo po- amanena zochitikira pamodzi. Mawu akuti atafika, mukathira, musanabzale ndi pobwerera ndi ziganizo zowolotsa zofupikitsidwa, ndipo aliyense mwa iwo amanena ubale wa nthawi umene manambala sanena. Kubwereza kumeneku, kumene mphunzitsi wa chimangirizo amakudula ndi cholembera chofiira, n'kumene kumapatsa womvera mpata wopuma ndi kutsimikiza pamene ali.

Chida chachiwiri ndi kuvomereza kwa omvera. Wosimba akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo yankholo limabwerezedwa m'malire a zigawo za nthano. Yankholi likazilala, wosimba amadziwa kuti wasiya anthu m'mbuyo. M'tchalitchi ntchito yomweyi imagwiridwa ndi "Ameni" kapena ndi chiganizo chimene mlaliki amachisiyira m'njira kuti mpingo umalize. Malire a chigawo amakhala pangano la anthu awiri, ndipo wolankhula sadutsa mpaka womvera atavomera.

Chida chachitatu ndi funso. "Nanga zitatero, anachita chiyani?" kapena "Kodi vutoli gwero lake n'chiyani?" ndi mafunso amene amatseka chigawo ndi kuika njala ya chigawo chotsatira. Ernst Wendland, amene mu 1979 analemba za nthano za Julius Chongo za pa wailesi ya dziko la Zambia, za m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo mu 2000 anasanthula maulaliki a Chichewa a Shadrack Wame m'buku lotchedwa Preaching That Grabs the Heart, anaonetsa kuti olankhula aluso amenewa ankamanga nkhani zawo mosamala pogwiritsa ntchito kubwereza, mafunso, mvekero ndi mawu a anthu a m'nkhani. Chitsanzo cha Chongo n'chofunika kwa ife chifukwa pa wailesi palibe nkhope kapena dzanja lolozera. Kuwolotsa konse kumachitika ndi mawu.

Chida chachinayi ndi chidule cha munthu wachitatu, pamodzi ndi mwambi. Pa bwalo la milandu la kumudzi, wodandaula akatha kulankhula, nduna imabwereza mwachidule zimene wanena isanapereke mpata kwa woyankha, ndipo potero anthu onse amamva kawiri pamene mlandu wafika. Kwesi Yankah, m'buku lake la 1995 lotchedwa Speaking for the Chief, anafotokoza udindo wofanana ndi umenewu wa wolankhulira mfumu pakati pa Aakani a ku Ghana. Mwambi nawonso umaima pa malire. Mkulu amene watha kufotokoza kulephera kwa munthu wogwira ntchito yekha, nati "mutu umodzi susenza denga", wamanga zonse zimene wanena m'mawu anayi ndipo watsekula khomo la nkhani ya mgwirizano.

Sitikunena kuti zida zimenezi zilibe ngozi. Mlaliki amene amati "tsono abale" pa mpweya uliwonse wapha chizindikiro chake, pakuti womvera sangasiyanitsenso malire enieni ndi chizolowezi cha pakamwa. Wachinyamata amene afunsa akuluakulu kuti "mwamva?" mobwerezabwereza angaoneke wachipongwe, ndipo pamaso pa mafumu funso liyenera kuvala ulemu, monga kunena kuti "kapena ndathamanga, akuluakulu, ndibwereze?" Mwambi wosagwirizana ndi mfundo umasocheretsa kuposa kusowa kwake. Muyeso wake ndi umene tinaupeza m'gawo 4.0: chizindikiro chiyenera kuima pamene pali malire enieni, ndipo chinene ubale umene ulipodi.

7.0 PAMENE PALI WOMASULIRA

Vutoli limakula pa misonkhano imene mlendo amalankhula Chingerezi wina namasulira. Kumasulira kwa chiganizo ndi chiganizo kumadula nkhani m'zidutswa, ndipo pakati pa chidutswa ndi chinzake pamalowa mphindi ya chilankhulo chimene ambiri sakuchimva. Womasulira ali ndi zambiri zoti asunge m'mutu: manambala, mayina, masiku. Mwa zonse zimene wamva, chiganizo chowolotsa ndi chimene chimaoneka ngati chopanda katundu, motero n'chosavuta kuchisiya kapena kuchifinya mpaka chisanduke "tsono" kapena "akuti". Zotsatira zake n'zakuti omvera amalandira mfundo zonse koma zitamasulidwa mfundo zake zomangira, ndipo chiganizo chilichonse chimayamba ndi liwu lomwelo ngakhale pamene wolankhula watembenuka kuyamba kutsutsa zimene ananena poyamba.

Pa misonkhano yotere womasulira wabwino amatenga udindo wa nduna ya pa bwalo ija. Amamva kamangidwe ka nkhani msonkhano usanayambe, ndipo pa malire alionse amapatsidwa ufulu wonena kuti, "Alendo athu atha kufotokoza ubwino wa ntchitoyi, zimene akuyamba tsopano ndi zimene akupempha kwa ife." Ena anganene kuti uku n'kuwonjezera pa mawu a mwini wake. Ife tikuona kuti ubale wa mfundo ndi mbali ya uthengawo, ndipo womasulira amene wautaya wachepetsa uthenga ngakhale atamasulira dzina ndi nambala iliyonse molondola.

8.0 MAWU OMALIZA: ZOFUNIKA KWA APHUNZITSI

Taona kuti womvera amadalira pakamwa pa wolankhula kuti adziwe pamene nkhani yafika. Kuti ku Petauke ndi ku Nyimba kudalira kumeneku n'kwakukulu chifukwa chilankhulo cha pagulu si cha kunyumba. Kuti kutchula manambala a mfundo kumatha kunamiza womvera za nthawi ndi za pothera nkhani. Ndiponso kuti mneni wa Chinyanja, nthano, ulaliki ndi bwalo la milandu zili ndi njira zowolotsera zimene omvera amazidziwa kale. Pa zimenezi tikutengapo malangizo anayi.

Aphunzitsi a Chinyanja asiyanitse phunziro la chimangirizo ndi phunziro la kulankhula. Kubwereza mchira wa chiganizo kungachepetsedwe polemba, koma wophunzira auzidwe kuti pakamwa n'kofunika. Aphatikiri -ta-, -ka-, -sana- ndi po- asaphunzitsidwe monga nthawi za mneni zokha. Aonetsedwe akugwira ntchito yomanga nkhani yathunthu, monga kufotokoza kaphikidwe ka thobwa kapena kaumbidwe ka njerwa.

Poyesa luso la kulankhula, malikisi apite kwa wolankhula molingana ndi zimene omvera atha kubweza. Wophunzira alankhule mphindi zitatu, kenaka mnzake anene zigawo za nkhaniyo ndi chifukwa chimene chigawo china chinatsatira chinzake. Ngati mnzakeyo watchula mfundo zonse koma walephera kunena chimene chikuzimanga, mphunzitsi wapeza pamene ayenera kugwirapo ntchito.

M'kalasi la ana a Chinsenga, mphunzitsi alole ana kusonkhanitsa mawu ndi ziganizo zimene agogo awo amagwiritsa ntchito posintha mfundo m'nthano ndi pa milandu, ndipo aziike pambali pa za Chinyanja cha m'buku. Mwana amene waona kuti lomba wa kwawo ndi tsono wa m'buku amagwira ntchito zofanana, ndipo kuti onse awiri sakwanira paokha pa malire aakulu, waphunzira galamala ya zilankhulo ziwiri nthawi imodzi.

Potsiriza, amene amaphunzitsa alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zaumoyo, alaliki ndi owulutsa mawu pa mawailesi a m'madera awapemphe kuti, pokonza nkhani, alembe mokwanira ziganizo za pakati pa mitu, ngakhale mituyo itangokhala mawu awiriawiri. Pa mutu uliwonse adzifunse mafunso atatu a m'gawo 2.0: ndatseka chiyani, ndikutsekula chiyani, ndipo ziwirizi zikugwirizana bwanji? Mlangizi wa m'chitsanzo chathu choyamba akanafunsa funso lachitatulo pakati pa kupalira ndi feteleza, akanaona yekha kuti ayenera kubwerera ku tsiku lobzala.